Kamera m'jumbo ya shuga

Dzina la apongozi anga aamuna sindikuuzani, chifukwa kuno ku Kaporo mkamwana satchula dzina la bambo wa mwamuna wake. Sawayang'ananso kumaso, sakhala nawo pafupi, ndipo akakumana nawo panjira amapatuka mpaka adutse. Mabanja ena zimenezi anazisiya kalekale, koma ine ndinagwera m'banja losunga mwambo ngati mbewu ya chaka chamawa.

Ine ndine Doris, kwathu ndi ku Linthipe, ku Dedza. Boma linandiponya kuno kudzaphunzitsa ana, Ambokile n'kundiponyera mawu, basi ndinakhaliratu. Kwathu zothawana ndi apongozi zilipo, koma zimagwera mkamwini. Kuno zinagwera ine. Ndinkamvera ndithu, koma mtima unkandipweteka. Bambo anga anamwalira ndisanakwatiwe, ndipo ndinkaganiza kuti ukwati undipatsa bambo ena. M'malo mwake unandipatsa msana wa munthu wamkulu wovala chipewa, ukulowera uko. Ambokile ankati umenewo ndi ulemu. Ine ndinkati ulemu wake ndi uti woti munthu osadziwa ngati akukufuna pakhomo kapena akungokupirira.

Bambo anga anali wojambula zithunzi. Ankazungulira misika ndi maukwati pa njinga, kamera ili pachifuwa. Kamera imeneyo ndi imene anandisiyira, ndipo Loweruka ndimajambula nayo maukwati. Palibe amene amaigwira. Ngakhale Hilda, mwana wanga weniweni, amaionera patali.

Chaka chatha madzi osefukira analowa m'chigayo cha apongozi chopunthira mpunga. Ataphwa, injini inalira pang'ono, kenako inakhosomola n'kukhala chete, mpunga uli pafupi kucha m'minda. Wogulitsa zitsulo wa ku Kyela, kutsidya kwa Songwe, anati amutumizire zithunzi za zitsulo zowonongekazo, manambala ake azioneka bwino. Ambokile anajambula ndi foni yake. Koma mwamuna wangayo dzanja limene wagwirira sipanala ndi lomwelo wagwirira foni, ndi lomwelonso wakandira mphuno. Zithunzi zinatuluka ngati nkhungu ya pa phiri la Dedza. Wogulitsayo anangolota nambala n'kutumiza beringi yosalowa.

"Amayi a Hilda," anandiyamba tsiku lina masana, akukanda m'mutu, "kamera yanu ija ingatithandize kuchigayo."

"Kamera yanga, m'girizi? Mwayamba liti kumwa, bambo a Hilda?"

"Si ine ayi. Apempha ndi bambo."

Chikwatiwire, aka kanali koyamba apongozi kundipempha kanthu.

M'mawa mwake ndinaikonza kamera monga ankachitira bambo anga akamapita kumalo a fumbi. Ndinatsuka jumbo ya shuga, ndinayiumitsa, ndinaboola kabowo kokwana diso la kamera, ndipo ndinamanga pakhosi pa disolo ndi kamphira ka chubu cha njinga. Mabatani ndinkawadina kunja kwa jumbo. Lamba ndinamuchotsa, chifukwa lamba ndi amene amayamba kukhwekhwereza m'mafuta, kenako n'kupaka bulauzi, bulauziyo n'kupaka kamera. M'thumba ndinaika lambayo, kansalu koyera ndi choko cha kusukulu.

Titafika kuchigayo ndinapeza kuti apongozi nawonso anali atakonzeka. Anasoka masaka n'kuwapachika pakati pa chipinda ngati katani, iwo mbali ya injini, ine mbali ya khomo. Pansi pa kataniyo panali benchi, atayalapo saka latsopano loyera. Fungo la dizilo ndi mankhusu onyowa linali ponseponse.

"Bambo a Hilda," ndinatero mokweza, podziwa kuti masaka satseka makutu, "lamulo ndi limodzi. Wogwira chitsulo sagwira kamera, wogwira kamera sagwira chitsulo. Girizi amayenda. Akafika pa chala afika pa batani, akafika pa diso la kamera sachoka msanga. Ndipo kamerayi si kamera chabe. Ndi bambo anga amenewa, ndi zokhazi zimene anandisiyira."

Kuseri kwa masaka kunamveka kutsokomola.

"Ambokile, uwauze amayi a Hilda kuti lamulo tamva. Sawa."

"Akuti amva," anatero Ambokile, ataima kumapeto kwa katani ngati womasulira kutchalitchi.

"Ndamva ndekha, sindine gonthi," ndinamunong'oneza.

Ntchito inayamba. Manja awiri anatulukira pansi pa masaka atanyamula beringi. Ndinali ndisanawaonepo pafupi manja amenewo. Anali aakulu, akuda bii ndi girizi mpaka m'zikhadabo, chala chimodzi chopindika ngati chinathyokapo kale. Anaika chitsulocho pa saka mofatsa monga amaikira mwana wogona. Chithunzi choyamba ndinajambula ndi kuwala kwa kamera, ndipo chitsulo chamafutacho chinangonyezimira, nambala osaoneka. Ndinazimitsa kuwalako, n'kupempha kuti benchi alikokere kufupi ndi khomo.

"Bambo a Hilda, muwauze bambo apukute panambalapo ndi chiguduli, apakepo choko ichi, kenako apukutenso pamwamba pokha."

Ambokile anatenga chokocho n'kuchiwolotsa. Manja aja anachita monga ndinanenera, ndipo nambala inatulukira yoyera mbee.

"Eee!" anatero mawu kuseri. "Ambokile, uwafunse, nzeru iyi ni ya ku Dedza panji ni ya kusukulu?"

"Muwauze kuti ndi ya bambo anga."

"Uwauze kuti bambo awo anali fundi, mmisiri weniweni."

Tinapitiriza chonchi, chitsulo ndi chitsulo, Ambokile akunyamula mawu amene tonse tinali titamva kale. Iye ankafuna kuti azionako zithunzi, ndipo chala chake chakuda chikayandikira ndinkachimenya. Kuseri kunkamveka kuseka kwa pansipansi. Ndili mkati mojambula m'pamene china chinandifika m'mutu. Chibwerereni pakhomopo ndinali ndisanamvepo apongozi akulankhula ndi mwana wawo m'Chichewa. Awiriwo amayankhulana Chinkhonde, ngakhale pokalipirana. Koma tsiku limenelo mkuluyo ankalimbana ndi Chichewa, chikumuterera pakamwa, uku akuti akuuza Ambokile. Ndinapitiriza ntchito.

Chinatsala ndi nambala ya injini yeniyeniyo, yomwe inali pa kachitsulo kokhomeredwa m'munsi, mbali ya khoma, pamdima. Imeneyo sakanaibweretsa pa benchi. Ndinamutuma Ambokile kuti athamangire kunyumba akatenge kalilole, tidzaponyere dzuwa pamenepo. Anapita.

Tinatsala awiri, masaka ali pakati, aliyense akumva kupuma kwa mnzake. Ambokile akatumidwa amapereka moni kwa mudzi wonse, ndipo ine kudekha sindinabadwe nako. Ndinaona kuti dzuwa layamba kulowera pa kabowo ka malata n'kugwera pafupi ndi injini, ndipo ndinati ndikachedwa lisuntha.

"Odi kumeneko," ndinauza masaka. "Ndikudutsa."

Ndinamva mapazi akukhwekhwereza. Nditazungulira kataniyo ndinapeza msana uja ndimaudziwa bwino, nkhope ili kukhoma, manja atawatambasula m'mbali kuti asadetse malaya. Ndinawerama pafupi ndi injini, maso pansi. Pambali pake panali beseni lodzaza oyilo wakuda wosakaniza ndi dizilo, momwe ankaviikamo zitsulo.

Akuluakulu anati fulumira anadya gaga, ndipo ine ndinatsala pang'ono kumudya weniweni. Pansipo panali mankhusu a mpunga atamwa mafuta. Phazi langa linaterereka, ndinagwa chammbali, ndipo kamera inandipulumuka. Lamba ndinali nditamuchotsa ndekha. Ndinaiona ikugwera pa chivundikiro chopendekeka cha injini, jumbo ija n'kuyamba kutsetsereka kulunjika m'beseni.

"Mayo ine, bambo anga!"

Sindikudziwa kuti munthu wamkulu ngati uja anatembenuka bwanji. Ndinangomva chipewa chikugwa. Nditadzutsa mutu, apongozi anali atagwada bondo limodzi m'mphepete mwa beseni, kamera ataipana pachifuwa ndi zigongono. Manja awo akudawo anali atawakanula kutali, zala zili tambalala m'mwamba. Jumbo inalipo, akanatha kungoigwira ndi manja ngati munthu wina aliyense. Koma lamulo anali atalimva.

Tsono vuto linabadwa lina. Kuika kamera pansi sakanatha, popeza pansi ponse panali mafuta. Kuigwira ndi manja sakanalola. Kuimirira osagwira penapake, bondo lachikulire linkakana. Ndipo woti angailandire ndinali ine ndekha, mkamwana, amene sindiyenera kufika ngakhale pamene pafika mthunzi wawo. Ndinakhala pansi pomwe ndinagwerapo, mankhusu ali m'tsitsi, ndikuyang'ana zala za kumapazi kwanga. Iwo ankayang'ana kudenga. Ndinkamva mpweya wawo ukutuluka movutikira, ndipo jumbo inkalira pang'onopang'ono, kusonyeza kuti ikutsika.

Kenako analankhula, maso ali kumalata.

"Ambokile," anaitana munthu amene panalibe, "umuuze mwana wangayu abwere adzatenge bambo ake. Sindinawadetse yayi."

Ndinapukuta manja pa kansalu kanga koyera kaja, chala chimodzichimodzi, chifukwa nanenso ndinali nditagwira pansi. Ndinayenda ndi maondo mpaka pamene anagwada. Kumaso sindinawayang'ane, ndipo sindikanawaona n'komwe, misozi inali itadzaza. Ndinaisolola kamera pakati pa zigongono zawo. Inali yofunda.

"Ndagha, bambo," ndinatero. Mawu othokozera amenewo ndi amodzi mwa ochepa a Chinkhonde amene ndimawatchula osalakwitsa.

"Ena, mwana wanga," anayankha kudenga komweko.

Ambokile anafika ndi kalilole atapeza aliyense ali mbali yake ya masaka. Anayang'ana tsitsi langa, anasuzumira kuseri n'kuona bondo la bambo ake lili noninoni ndi oyilo, ndipo anafunsa chimene chachitika. Bambo ake anamuyankha m'Chinkhonde, mwachidule, ndipo ngakhale sindinamve zonse ndinadziwa kuti akumufunsa ngati kaliloleyo anakamugula ku Mzuzu. Nambala ija tinaijambula, Ambokile atagwira kalilole, ine nditabwezera lamba pa kamera n'kumukulunga padzanja kawiri. Zitsulo zoyenera zinabwera, ndipo mpunga utacha chigayo chinali chikulira.

Mwambo sunasinthe. Mpaka lero tikakumana panjira ndimapatuka, iwo n'kudutsa akuyang'ana kumbali, ndipo dzina lawo simulimva pakamwa panga. Koma pa zithunzi za tsiku lija ndinatsukitsa chimodzi ku Karonga Boma, cha manja awiri akuda atanyamula beringi pa saka loyera, chala chimodzi chopindika. Ndinachipachika pabalaza, pafupi ndi cha bambo anga a ku Linthipe ali pa njinga yawo.

Tsiku lina mphunzitsi mnzanga, Eliness, anabwera kudzacheza. Anachiyang'anitsitsa chithunzicho n'kuseka.

"Koma Doris, anzako amapachika maluwa, iwe wapachika girizi. Manja a ndani amenewa?"

"A bambo anga," ndinamuyankha.

Analoza chithunzi cha pa njinga chija. "Si awa bambo ako?"

"Awonso," ndinatero, n'kupita kukatereka madzi a tiyi.