Mtedza Umene Neville Anangotchulako

Smiljka anayamba kuphunzira Chingelezi imvi zili mbuu, ndipo chifukwa chake chinali chimodzi. Mwana wake Tijana anakwatiwa ndi Mngelezi, dzina lake Neville, ndipo Smiljka anatopa n'kumangomwetulira pafoni mkamwini akamalankhula. Lachiwiri lililonse ankapita kulaibulale ya m'tauni yakwawo ya Valjevo, kumene mphunzitsi Gordana ankalimbana ndi malilime ouma a anthu okalamba.

Tsiku lina Gordana anabwera ndi mawu atatu a Chingelezi: la kuzindikira chinthu ndi maso, la kungochitchulako podutsa, ndi la kuchitsindika. Smiljka analoweza loyamba ndi lomaliza. Lapakatilo analikana.

"Mawu a ntchito yanji amenewo, aphunzitsi? Nkhani ikakhala yaikulu timainena katatu, mokweza. Ikakhala yaing'ono timatseka pakamwa."

"Ndi kwathu kuno kumeneko, Mayi Smiljka," anatero Gordana. "Mngelezi nyumba yake ikamapsa amayamba wakufunsani ngati mwadzuka bwino, kenako n'kungotchulako za utsi."

Kalasi yonse inafa nacho chikhakhali, koma Smiljka anangoti ndi nthabwala za aphunzitsi.

Mu Disembala inafika slava, phwando la Nikola Woyera, mtetezi wa banja lawo. Smiljka anawiritsa tirigu, anamupera, n'kuthiramo shuga ndi mtedza wa m'mitengo wosinja, wambiri ndithu, chifukwa sankafuna kuti wina akamunene kuti ndi woumira. Tirigu ameneyu ndiye khomo la phwando. Mlendo aliyense akafika amadzilemba mtanda n'kudya supuni imodzi, ndipo amene sanadye ndiye kuti sanalowe m'nyumbamo, ngakhale atakhala pampando tsiku lonse.

Neville anali kubwera ku slava koyamba. Analowa yekha, makutu atafiira ndi chisanu, chifukwa Tijana anali akuzungulirabe kunja kusaka poimika galimoto. Radoje, mwamuna wa Smiljka, anamupsompsona masaya, abale n'kumuzinga. Smiljka anabwera ndi mbale ya tirigu uja pathireyi, mtima uli dyokodyoko ndi chimwemwe.

Neville anayang'ana mbaleyo nthawi yaitali. Anamwetulira, anatenga supuni, koma dzanja linalo linapita pathumba la jekete n'kumasisita kanthu kooneka ngati cholembera chonenepa. Smiljka anazindikira kuti supuniyo inali kukwera mochedwa kwambiri.

Pomwepo anakumbukira foni ya mwezi watha. Radoje anali kuonetsa mkamwini nkhunda zake pavidiyo, phokoso lili lokhalokha, ndipo Neville ananena motsitsa kuti, "Mayi, ndingotchulako, mtedza sundiyanja kwenikweni. Koma musavutike." Smiljka anangoti chabwino mwanangu. Nanga Radoje si uja amati kabichi sam'konda koma amatsiriza mphika wonse?

Supuni inali itafika pachibwano pamene Smiljka anam'menya mkamwini padzanja. Tirigu anakagwera pansapato ya Živorad, mboni ya ukwati wa Smiljka ndi Radoje, munthu amene pabanjapo salankhulidwa mwamwano. 

"Mkazi iwe, zakuzungulira?" ananong'ona Radoje. "Mlendo timam'menya tsiku la slava?"

Smiljka anatembenukira kwa Neville. Chingelezi chonse chinamuthawa, n'kungotsala liwu lachitatu lija la Gordana.

"Neville. Tsindika. Mtedza, chiyani?"

"Ayi mayi, si nkhani kwenikweni. Kungoti khosi limatupako, ndiye kupuma kumavutirapo pang'ono."

"Wadya?"

"Ayi."

"Tsegula pakamwa."

Mwamuna wamkulu, wa ndevu zake, anayasamula pamaso pa abale onse. M'kamwa munalibe kanthu. Smiljka anakhala pampando thireyi ili pamiyendo. Mtima wake unagwa pansi mwakuti misozi inangotsika yokha, ndipo sanachite nayo manyazi.

Tijana analowa akukung'untha chipale chofewa pachikhoti. Ataona mbale, supuni pansi ndi nkhope ya mwamuna wake, anagwira pachifuwa.

"Unati wawauza."

"Ndinatchulako," anatero Neville.

"Amayi, munthuyu mtedza ukhoza kumupha. M'thumbamo ndi jekeseni. Ndipo iwe, bwanji unatenga supuni?"

"Unandiuza wekha kuti wokana tirigu wakana banja. Ndimati ndingonyambitako."

Tijana atamasulira, Živorad anasiya kupukuta nsapato yake. "Chitsiru ndi chitsiru, koma ndi chathu chimenechi," anatero, ndipo anthu anaseka kuseka kwa omasuka.

Koma Smiljka sanaseke, chifukwa mkamwini wake anali asanalowebe m'nyumba. Anapita kukhitchini. Pamoto panali kamphika ka tirigu wowiritsa amene anam'patula asanathire kanthu, woti Radoje akapatse nkhunda zake. Anatsuka supuni ina ndi madzi otentha, anawaza shuga, n'kubwera nazo.

"Nkhunda zigona ndi njala lero," anadandaula Radoje.

"Zigone."

Neville anadzilemba mtanda, mosokoneza mbali, koma panalibe amene anam'konza. Anadya. Smiljka anaimirira pambali pake akuyang'anitsitsa khosi lake mpaka atakhutira kuti mpweya ukulowa ndi kutuluka bwinobwino.

"Tsopano walowa," anatero. "Koma patebulopo pali makeke amtedza a azakhali ako, ndipo aliyense akukakamiza kuti ulawe ake. Imirira uwauze. Tijana akupatsa mawu a Chisebiya."

Neville anaimirira, anatsokomola, anayamba ndi kamawu kake kotsitsa kaja. "Pepani nonse, ndingotchulako..."

Smiljka anakweza supuni.

Mkamwini anayang'ana supuniyo. Kenako ananena kuti akadya mtedza afa, ndipo anabwereza katatu, mokweza mwakuti aneba a m'nyumba yapansi anatumiza mwana kudzafunsa amene wamwalira.