Sisitimu Yakale ya Bambo

Mtchona anaika kompyuta patebulo la wokonza ngati munthu wobweza nsapato yothina. Dzinali anampatsa ndi mlongo wake tsiku lomwe anatsika basi atatha zaka zambirimbiri kunja, ndipo linamumata.

"Yatsopanotu iyi, bwana," anatero wokonza makompyuta uja. "Yalakwanji?"

"Ikuchedwa. Ukadina, kagudumu kamangozungulira mpaka munthu kumera ndevu. Chotsanimo sisitimuyi, muikemo yakale ija."

"Anthu amalirira zatsopano, inu mwaoloka nyanja kudzafuna zakale?"

Mtchona sanaseke. Kompyutayo anagulira bambo ake, amene moyo wawo wonse ankatayipira anthu makalata m'kachipinda ka kuseri kwa positi. Tsopano mutu unali utayamba kuwathawa: lero amudziwa mwana wawo, mawa amufunsa ngati wabwera kudzawerenga mita ya madzi. Kompyuta yawo yakale inapsa ndi magetsi. Mtchona ankafuna kuti pasikirini yaikuluyi nkhalambayo ione nkhope za adzukulu ake otsala kunja, nzeru zisanazimiretu. Pafoni inkati ikungoona tinyerere.

Koma chikomekome cha mkuyu. Bambowo anakhala patsogolo pa makinawo, kudina, kudikira, kudinanso. Chilichonse chinali chitasamuka pamalo pake. "Mwandibisira kuti zinthu zanga?" anafunsa, kenaka anamenya tebulo n'kuyamba kulira ngati mwana wotayika pamsika.

"Achimwene," mlongo wake anatero akuwapukuta misozi, "bambo amene munawasiya aja kulibenso. Awa akufuna mabatani awo pamalo pake, basi. Inu mumabwera ndi mphatso, ife timatsala ndi kulira."

Wokonza anatembenuza kompyutayo, n'kupukusa mutu. "Ndikuuzirenitu. Makinawa ndi atsopano, sisitimu yakale siwadziwa. Kamera ifa. Za intaneti iwalani. Kutayipa kokha ndiye izithamanga ngati yaba."

"Zonse ziwiri sizingakhalemo?"

"Zingakhalemo, koma poyatsa munthu azisankha. Madala anuwo asankha?"

Mtchona anayang'ana kunja. Tsidya la msewu, pamene panali sitolo ya mabuku imene ankawerengamo choimirira mpaka mwiniwake kumuthamangitsa, tsopano ankagulitsapo zikuto za mafoni. Tauni yonse inali itasinthidwa chomwecho: yonyezimira, yaphokoso, yochedwa kuyankha moni. Iyenso chibwerere ankangodina pamalo akale, osapezapo kanthu. Anaganiza za ana ake, amene anawaphunzitsa kunena kuti "agogo" ndi lilime lawo lolemera lija, ndipo ankadikira tsiku loti atchule dzinalo pamaso pa mwini wake. Mapanga awiri avumbwitsa.

"Fufutani," anatero.

"Ndikafufuta ndafufutatu, bwana."

"Ndamva."

Kamzere kobiriwira kanayamba kukwawa pasikirini. Wokonza anapitiriza kumasula foni ya munthu wina uku akuimba mluzu.

Kunyumba Mtchona anapeza bambo atakhala pakhonde, manja ali pamaondo ngati zida zoiwalika. Mlongo wake anawalowetsa m'chipinda. Mtchona anayatsa makinawo, ndipo asanabweze n'komwe chala, sikirini yakale ija inatulukira, tizithunzi tonse tili pamzere wake.

Nkhalamba inasuzumira. Inafufuza magalasi m'thumba la malaya, n'kuwavala. Msana unawongoka. Zala zinatera pamabatani zokha, madzi saiwala khwawa, ndipo m'chipindamo munamveka kaphokoso kamene kanalera ana onse a m'nyumbamo, ngati mvula yoyamba pamalata. Mlongo wake anagwira pakamwa n'kutuluka.

Mtchona anaima pambali, akuyang'ana kadiso ka kamera pamwamba pa sikirini, kakuda, kosaona. Anadikira kuti bambo atembenuke.

Anatembenukadi, nkhope ili ngwee, yaulemu, imene ankalandirira nayo anthu kuntchito.

"Pepani ndakuimikani, bambo. Khalani pabenchipo. Kalata yanu ikupita kwa yani?"

Panalibe benchi. Mtchona anakhala m'mphepete mwa bedi, n'kuvula chipewa.

"Kwa bambo anga," anatero.

"Mwachita bwino. Ana ambiri salemba." Zala zinagogoda pang'ono, n'kuima m'mwamba. "Nenani adiresi yawo."