Kaputeni Hatcher pa Chitsime cha Santa Rufina

Lemuel Hatcher anafika m'tauni ya Gaither ali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, atakwera kavalo wotsimphina, m'chikwama muli mabuku awiri a malamulo ndi mfuti yaifupi. Gaither inali kumapeto kwenikweni kwa Arkansas. Ukaoloka mtsinje, boma lathera pomwepo. Khoti linkakhala kawiri pachaka m'nyumba yamitengo yosungiramo zikopa, ndipo woweruza ankalamula kuti aliyense asiye mpeni pakhomo. Ambiri ankasiyadi umodzi, wina uli m'nsapato.

Hatcher anali wamfupi, wamutu waukulu, koma mawu ake ankamveka mpaka kudooko. Patatha zaka khumi, panalibe wakuba ng'ombe kapena wobaya mnzake m'chigawo chonsecho amene sankadziwa khomo lake.

Mlandu umene unamutchukitsa unali wa Obadiah Crabb, chimunthu chosaka zimbalangondo, chimene chinapha mnzake pa mpikisano wa akavalo. Anthu oposa makumi atatu anaona Crabb akumukolowola diso ndi chala, kenako n'kumuponda pakhosi mpaka kusiya kuphupha. Hatcher analankhula kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Anasokoneza mboni zonse, analiza amuna khumi ndi awiri ogamula mlanduwo, ndipo Crabb anatuluka mfulu.

Panja mchimwene wa malemuyo anali akudikira. Anamulumphira Hatcher n'kumucheka tsaya kuchokera kukhutu mpaka pachibwano. Asanabwereze, Crabb anamugwira munthuyo pakhosi n'kumumenyetsa mutu pa gudumu la ngolo katatu.

"Basi, Obadiah! Ndangokuchotsa kumene pachingwe!" anakuwa Hatcher, magazi atadzaza m'kamwa.

"A Loya, inu mwandimenyera nkhondo ndi pakamwa. Ine pakamwa ndilibe, ndili ndi manja awa," anatero Crabb, akupukutira manjawo pa thalauza.

M'chaka cha 1846 kunamveka kuti nkhondo yabuka ndi Mexico, ndipo boma likufuna amuna odzipereka, okwera pa akavalo. Hatcher anakwera pamgolo pakati pa msika n'kuyamba kulankhula. Pomwe ankatsika, amuna okwana 80 anali atalembetsa: alimi, alenje, ndi angapo amene iye mwini anawaombola kundende, kuphatikizapo Crabb. Posankha kaputeni, aliyense ankakaima kumbuyo kwa munthu amene akumufuna. Mzere wa kumbuyo kwa Hatcher unakafika ku shopu ya Dabney Poole, wosula zitsulo, amene anamusankha kukhala sajeni.

Mkazi wa Hatcher, Tabitha, sanaombe nawo m'manja.

"Mwawazula amuna a eni ake m'minda ndi lilime lanulo. Kodi inuyo mfuti yaitali munaombapo?"

"Ndinaphapo nkhukundembo."

"Nkhukundembo sibwezera, bambo."

Anayenda miyezi iwiri ndi theka. Asanaone ngakhale mdani mmodzi, amuna khumi ndi mmodzi anafa ndi matenda otsekula m'mimba, n'kuwakwirira m'mbali mwa njira. Nyama ya nkhumba yamchere inachita mphutsi. Otsalawo sankamva lamulo. Hatcher akati tinyamuke, wina ankayankha ali chigonere kuti, "Tidye kaye, a Kaputeni. Tinakusankhani ndife, musaiwale." Ankachita kuwanyengerera ngati ali m'khoti, ndipo nthawi zambiri ankapambana, chifukwa ankakonda kumumva akulankhula. Zikakanika, Crabb ankangoimirira n'kudziwongola, anthu n'kuyamba kumanga zishalo.

Ataoloka malire anawapatsa ntchito yoperekeza ngolo za chakudya kudutsa m'chipululu. Tsiku lachisanu ndi chinayi, dzuwa litangokwera pang'ono, ngolozo zinalowa m'chigwa cha mtsinje wouma. Nyulu zinayamba kuimika makutu. Kenako kuseri kwa phiri kunatuluka asilikali a Mexico okwera pa akavalo, oposa zana, atagwira mikondo yaitali yokhala ndi tinsalu tofiira kunsonga.

"Tsikani pa akavalo! Kuseri kwa ngolo! Musaombe mpaka ndinene!" anakuwa Hatcher.

Theka la anthu ake linaomba nthawi yomweyo, adani akadali kutali, zipolopolo n'kungotutumula fumbi. Asanathirenso wonga m'mfuti, mikondo inali itafika. Hatcher anaona mlimi wina, amene dzulo lake ankamusokera nsapato, atabooledwa pamimba n'kukhomereredwa ku thabwa la ngolo, miyendo ikupalasa m'malere. Kavalo wa Hatcher anabayidwa pakhosi, nagwa chammbali n'kumupanikiza mwendo. Msilikali wina wandevu zochepa anatembenuza kavalo wake n'kumuloza ndi mkondo. Hatcher anakweza mfuti yake yaifupi ndi manja onse awiri, naomba. Chibwano cha munthuyo chinachoka chonse. Anagwera pafupi moti magazi ake anamuthira Hatcher kumaso, ndipo anakhala akumuyang'ana, lilime likugwedera popanda pogwira, mpaka maso anazima.

Crabb ndiye anadzamusolola pansi pa kavaloyo. Mfuti ya Crabbyo inali itathyoka, ankangomenya ndi chitsulo chake chokhacho, tsitsi la anthu litamatirira pamenepo.

"Dzukani, a Loya! Pano si pa khoti poti mupemphe nthawi!"

Hatcher anadzuka. Mwendo unali utachita dzanzi, koma mawu anali nawo. Anasonkhanitsa amuna makumi atatu pakati pa ngolo ziwiri, nawagawa pawiri: ena akuomba, ena akuthira wonga. Poole ankayenda kumbuyo kwawo akumenya khofi aliyense wofuna kuthawa. Adani anabwera kachiwiri, n'kubweranso kachitatu, akavalo akugwera pa akavalo anzawo, mpaka anabwerera kuphiri. Anthu a Hatcher amene anafa anali khumi ndi asanu ndi anayi.

Powerenga amoyo ndi mitembo anapeza kuti Micah, mng'ono wake wa Crabb, palibe. Anakamupeza masana, mtunda ndithu kuchokera pa chigwacho. Adani anali atamukola ndi chingwe cha ng'ombe n'kumuguza m'zitsamba zaminga. Nkhope kunalibe, anamuzindikira ndi lamba. Crabb sanalire. Anakumba yekha manda ndi mpeni ndi manja, osalola munthu kumuthandiza.

M'mawa mwake Hatcher anatsalira ndi ngolo za ovulala, natumiza amuna makumi awiri kuti atsogole kukatunga madzi pa kamudzi kotchedwa Santa Rufina. Crabb anapita nawo. Patapita ola limodzi kunamveka mfuti. Sikunali kuombana. Inkalira imodzi, n'kukhala chete, n'kuliranso ina. Hatcher ndi Poole anayang'anizana, nakwera akavalo.

Anapeza amuna onse a m'mudzimo atawagwaditsa m'mbali mwa khoma la tchalitchi, moyang'anizana ndi chitsime, manja atawamanga kumbuyo. Asanu ndi awiri anali atagwa kale chafufumimba. Akazi anali atatsekeredwa m'tchalitchimo, ndipo ankamenya chitseko akulira. Crabb anali akuthira wonga mosapupuluma, fodya ali m'kamwa.

"Obadiah, ukutani?"

"Ndikugwira ntchito, a Kaputeni. Pitani mukamwe madzi."

"Anthu awa ndi alimi. Taona manja awo. Mkondo uli kuti pano?"

"Tapeza chishalo cha Micah m'khola umo."

"Kavalo wopanda mwini amathamangira kumene kuli madzi, ukudziwa iwe. Ndani anaona mmodzi wa awa pa chigwa paja? Atuluke anene, ndimumve. Iwe Gentry, unamuona? Nanga iwe?"

Ena anayang'ana pansi. Hatcher anatsika pa kavalo, natsimphina mpaka kukaima pakati pa Crabb ndi ogwadawo. Analankhula monga ankachitira ku Gaither. Asilikali akewo anawatchula mayina mmodzimmodzi, anatchula akazi awo ndi mipingo yawo, anawafunsa chimene adzawauze ana awo. Anaona awiri atatu akutsitsa mfuti. Koma Crabb analavula fodya uja n'kuseka.

"Mawu amenewo ndimawadziwa, a Loya. Munawalankhulapo ponena za ine, pomwe munkadziwa bwinobwino kuti munthu uja ndinamupha dala. Lero mwasanduka m'busa? Tachokani apo."

Anamukankha ndi dzanja limodzi, Hatcher n'kugwera m'fumbi. Crabb anagwira tsitsi la mkulu wina waimvi, namuika mfuti kuseri kwa khutu, naomba. Anataya mfutiyo, nasolola mpeni, n'kupita kwa wotsatira.

"Obadiah, ndikukulamula. Ponya mpeniwo."

"Mundiombere, ngati ndinu mwamuna."

Sanacheuke n'komwe. Hatcher, ali chogwada, anamuombera pakati pa mapewa. Crabb anatembenuka pang'onopang'ono, nkhope yodabwa ngati ya munthu amene walumidwa ndi galu wake yemwe. Anayenda mapazi atatu mpeni uli m'manja, nagwa pa mwala wa chitsime, mano n'kuthyokera pomwepo.

Msuweni wake wa Crabb, Silas Gentry, anakuwa kuti, "Galu iwe! Anakupulumutsa dzulo lomweli!" naomba. Chipolopolo chinaphwanya chigongono cha kumanja cha Hatcher. Gentry anathamanga kuti amumalize ndi thako la mfuti, koma Poole anamutchinga n'kumumenya chibakera chimodzi pamphumi, munthu n'kugona.

"Winanso?" anafunsa Poole, atatola mfuti ya Gentry. "Amene akufuna Kaputeni ayambe wadutsa pa ine. Masulani anthuwo. Tsopano!"

Anawamasula. Anatsala amoyo khumi ndi anayi. Chitseko cha tchalitchi chitatsegulidwa, akazi anathamangira ku mitembo, ndipo panalibe amene anayang'ana kumene Hatcher anagona. Iye sanayembekezerenso kuti amuyang'ane.

Dokotala wa asilikali anaudula mkonowo patapita masiku anayi, utayamba kale kununkha. Anamumwetsa kachasu, anamulumitsa lamba, amuna anayi atamupanikiza pa chitseko chomwe anachisandutsa tebulo. Hatcher anamva sowo ikudya fupa mpaka kumapeto, osakomoka. Akuluakulu a nkhondo anamva nkhani ya pa chitsime, nagamula kuti kaputeni sanalakwe. Za anthu asanu ndi atatu ophedwa aja panalibe amene anaimbidwa mlandu. Hatcher analemba makalata atatu ndi dzanja lamanzere, zilembo zokhotakhota, kupempha kuti mlanduwo uzengedwe. Sanayankhidwe.

Ku Gaither anabwerako amuna makumi anayi ndi mmodzi. Tauni inawaphera ng'ombe, koma Hatcher atafika pamalopo anthu anasiya kulankhula. Nkhani inali itafika kale: loya anaombera mnzake kumsana chifukwa cha anthu achilendo. Mkazi wa Crabb anadutsa pakati pa gulu n'kumulavulira kumaso. Tabitha anatulutsa kansalu, namupukuta mwamuna wake pamaso pa onse, namugwira dzanja lotsalalo, n'kumapita.

Chaka chonsecho palibe anamubweretsera mlandu. Lamlungu lina ali ku tchalitchi anaona utsi, ndipo pofika kunyumba anapeza denga litagwera kale mkati, galu wawo atamudula pakhosi n'kumupachika pa mpanda. Hatcher anafuna kukasuma.

"Mukasume kwa yani? Ogamula mlanduwo ndi omwe agula mafuta oyatsira," anatero Tabitha. "Tiyeni tizipita tikadali ndi miyendo."

Poole anawapatsa ngolo, nawaperekeza ndi mfuti masiku awiri. Anakakhala kutali kumpoto, m'tauni ina yatsopano ya odula mitengo, kumene munthu wopanda mkono sankafunsidwa mafunso. Kumeneko Hatcher anagwiranso ntchito ya uloya zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Mawu ake anali atachepa, ndipo ankakonda milandu ya malire a minda ndi ya akazi amasiye. Za nkhondo sankakamba, ngakhale kwa ana ake.

Anamwalira ali ndi zaka makumi asanu ndi zitatu, atagwa m'khoti ali mkati mofunsa mboni. Tabitha anatumiza uthenga ku Gaither. Mwa asilikali ake onse amene anali akadali moyo, kumaliro kunabwera atatu: Poole, ndi ena awiri amene tsiku lija ku Santa Rufina anaima pa khoma la tchalitchi mfuti zili m'manja. Awiriwo sanalowe m'nyumba. Anapempha makasu, napita kukakumba manda.