Matcheni pa Kona ya Kyeburn

Lachlan Strang ndinamupeza Lachiwiri m'mawa, galimoto yake yodula itazika mphuno m'ngalande pa kona ya Kyeburn. Msewu unali bii, ukunyezimira, ayezi yekhayekha. Mwiniwake sanavulale. Anaima m'chipale chofewa ndi nsapato za muofesi, atakweza foni m'mwamba kusaka netiweki.

Zaka ziwiri zapitazo munthu yemweyu anagunda amuna anga, a Keith, atagwada m'mbali mwa msewu akumanga matcheni kumatayala kuti galimoto yawo isaterereke pa ayezi. Strang ankathamangitsa galimoto, anaponda mabuleki mwamphamvu pa ayezi, galimoto n'kutsetsereka. Khoti linangomulanda laisensi miyezi isanu ndi umodzi. Kuchipatala a Keith anawadula mwendo, ndipo nkhosa zathu ndimaweta ndekha.

Ndinatsitsa magiya limodzilimodzi mpaka kuima.

"Mayi Duthie, Mulungu wakutumani," anatero mano akugundana. "Mundikokeko, chingwe muli nacho."

"Chilipo. Koma popanda matcheni sindikoka kanthu. Ali kumbuyoko, mangani kumatayala angawa."

"Inetu sindinamangepo."

"Zimenezo dera lonse likudziwa."

Anagwada. Magolovesi anga ndinawakhalira kuti asawabwereke. Ndinamuuza kuti ayambe ndi tayala la mbali ya msewu. Zala zake zinafiira, kenako zinatuwa, chokolera chikukana. Ali mkati molimbana nacho, lole ya mkaka inatulukira pakona. Inkayenda pang'onopang'ono ndithu, koma iye anadziponya kunsi kwa galimoto yanga, nkhope m'matope. Potuluka thalauza linali litanyowa, osati ndi chipale chokha.

"A Keith sanapeze mpata wothawa," ndinatero. "Malizani."

Panatha mphindi makumi anayi. Ndinatsika n'kugwedeza tcheni lililonse. Anamanga bwino.

"Nanga chingwe chija, mayi?"

"Chili ndi ntchito kunyumba." Ndinaliza galimoto. "Kuchoka pano kukafika kutauni ya Ranfurly ndi makilomita khumi ndi asanu. Muziyenda moyang'anizana ndi magalimoto, anthu masiku ano akuyendetsa mosasamala."

Nditafika ndinadyetsa agalu, n'kutereka tiyi, n'kumwa makapu awiri. Apo m'pamene ndinaimbira foni wokoka magalimoto.

A Keith anamva zonse ali pampando wawo pafupi ndi mbaula. Sanaseke. Anasisita pamene panathera mwendo, n'kufunsa ngati munthuyo anavala jekete.

"Anavala. Yopyapyala."

"Raewyn mkazi wanga, muimbirenso wokokayo afulumire."

Ndinati ndiimba ndikatsuka makapu.