Chilombo cha Zipi Kumsana

Sindinauzepo munthu, koma ine mafilimu abwino sindimawamvetsa. Ndimakonda achabechabe aja: magazi ngati polishi wofiira wa pakhonde, wapolisi wofufuza ndevu zomata zikumatuka mbali imodzi, mtembo ukupuma aliyense akuona.

Loweruka lililonse masana, bambo akatseka shopu yawo yokonzera mawailesi, tinkakoka makatani n'kuonera awiriwiri. Mayi ankati mitu yathu sikuyenda bwino. Bambo ankaimitsa filimu pakati n'kufunsa, "Wapha ndani, bwana wofufuza?" Bwana wofufuzayo ndinali ine.

Nditangomaliza mayeso, tinaonera ya chilombo cha m'chitsime. Chitatembenuka ndinaona zipi kumsana kwake, ndiponso chinavala nsapato zomwe zija anavala dokotala amene chinamupha. Ndinaseka mpaka misozi. Bambo sanaseke. Anandiyang'ana, kenako anayang'ana mabuku anga patebulo.

Loweruka lotsatira anabwera ndi filimu ina. "Wandibwereka kasitomala wanga, mphunzitsi uja. Akuti inapata mphoto. Ya anthu ophunzira iyi."

Mufilimumo mwamuna wina ankangoyang'ana pawindo. Mvula. Kenako mkazi naye anayang'ana pawindo lomwelo. Ndinadikira kuti wina afe, koma ayi ndithu. Bambo sanaimitse pakati, panalibe choti afunse. Ndinaganiza kuti mwina zilombo zawatopetsa, ndiye ndinati ndi yabwino. Iwo anati ndi yabwino kwabasi.

Zinapitirira choncho, ine mutu uli balala. Ndinalakwa kuseka? Chonsecho kale tinkaseka tonse. Kapena munthu akalemba mayeso kuseka kwake kumamveka mosiyana? Ndinafunsa mayi ngati bambo andikwiyira.

"Kafunse wekha, pakamwa uli napo," anatero, akusita malaya.

Koma ine pakamwa pamauma msanga. Ngakhale m'kalasi dzanja sindinkakweza.

Loweruka lapitali inali ya nkhalamba ina ikupenta mpanda. Nditacheuka ndinapeza bambo akusinza, rimoti ili pamimba. Pafupi ndi chitseko panali katoni ya mafilimu athu, atayimanga ndi waya.

"Katoniyo ikupita kuti?"

Anadzidzimuka. "Ndikampatsa mlonda wa kushopu. Iwe wakula tsopano, zachibwanazi zingakuchititse manyazi."

"Nanga inuyo, iyi mukuimvetsa?"

"Kwambiri. Mpandawo... akuupenta." Anakanda m'mutu. "Mwina kuseri kwake kuli mtembo."

"Kulibe, bambo. Ndadikira."

Nkhalamba ija inaviikanso burashi m'chitini. Mtima unkagunda ngati ndine amene ndinapha dokotala. Maso anga anali pa katoni, osati pa iwo.

"Bambo, musapereke. Chilombo cha zipi chija ine ndimachikonda. N'chifukwa chake ndinaseka."