Tsiku Limene Ndinagwira Ntchito Pamthunzi

Ndinabadwa ndi khungu lachialubino, ndipo ntchito yanga ndi yothyola tiyi. Zinthu ziwirizi sizimwerana madzi. Dzuwa limawotcha aliyense, koma ine limandikonda mwapadera. Chaka chatha kumbuyo kwa khosi kunatuluka kachilonda kosapola, adokotala n'kundiuza mosapita m'mbali kuti ndikapitiriza kukhala padzuwa kadzasanduka khansa. Ndinapempha a Malizani, akapitawo athu, kuti andisamutsire kufakitale, komwe amayi ena amasankha masamba pansi pa denga. Anati nkhaniyo aipititsa kwa mabwana. Ndinadikira.

M'malo mwa yankho kunabwera galimoto ya anthu a kanema. Ankajambula pulogalamu ya sabata ndi sabata yoonetsa anthu osiyanasiyana akugwira ntchito limodzi. Sabata ino telala wosamva, sabata inayo mayi woyendetsa thirakitala. Pa esiteti yathu anasankha ine.

Wotsogolera gululo, Triza, anali mtsikana waulemu wake. Anayesa kundijambula m'munda, koma ndinkangotsinzina, chipewa chitandiphimba nkhope.

"Amayi, kuwalaku kukuvuta," anatero Triza. "Palibe pamthunzi penapake?"

A Malizani, amene sindinawaonepo akufulumira, anathamanga. Posakhalitsa ndinali m'fakitale, atandiveka malaya oyera a munthu wina, n'kundiimika pakati pa amayi osankha masamba. Munali mozizira bwino, fungo la tiyi lili guu. Triza anandifunsa ngati anzanga amandilandira. Ndinati eya, chifukwa n'zoona. Za chilonda sanafunse, ine sindinayambitse. Kwathu kuno sudandaula kwa alendo akapitawo ali pomwepo. Ataweruka ojambulawo ndinabweza malaya aja.

Pulogalamuyo tinakaonera ku Luchenza, titathithikana m'shopu ya alamu anga a Crispin. Ndinatuluka bwino, sindinama. Mawu a bambo wina wosaoneka anati, "Kuno Fainess wapeza malo ake." Anthu anaomba m'manja, amuna anga a Winston n'kumauza aliyense kuti amenewo ndi akazi awo, ngati panali wina wosadziwa. Ine ndinkangoyang'ana mayi wa pakanemayo ali phee pamthunzi. Ndinamusirira.

Kenako mayi wina wa kufakitale anapuma pantchito. Nditamva, ndinawapeza a Malizani pasikelo, tikuyeza masamba a m'mawa.

"Akapitawo, nanga nkhani yanga ija?"

Anakanda m'mutu. "Aaa, a Fainess, ija inatsekedwatu. Abwana a ku Blantyre anaonera pulogalamu, anasangalala hevi. Akuti pulobulemu yanu inatha kale, muli kufakitale."

"Koma inuyo mukundiona ndili pano."

"Ine ndikukuonani, mayi. Ndiye ndikawauze chani? Kuti zapativi zija zinali zongokonza? Anakuvekani malaya ndine. Yanga ntchito ithera pomwepo."

"Malowo?"

"Apatsa a Daisy. Aja a msana aja."

Ndinkaganiza kuti ndikwiya, mwina kulira kumene. Ndinadzifufuza mumtima, munali zii. A Daisy msana umawapwetekadi, ndawaonapo akulephera kuweramuka. Triza sananame, anajambula zimene anaona. A Malizani nawonso ali ndi ana. Ndinasowa woti ndimukwiyire, ndiye ndinangoti, "Zikomo akapitawo."

"Muzidzola mafuta oteteza khungu kudzuwa aja," anatero, akuitana kale wotsatira.

Ndinakhuthula masamba, n'kubereka dengu. Chingwe chake chinadutsa pamene chimadutsa nthawi zonse, ndipo kolala ya malaya inamatirira pachilonda. Sindinaimatule. Ndinabwerera mumzere wanga n'kuyamba kuthyola, dzuwa lisanafike n'pamutu pomwe.