Galimoto Yomaliza Mvula Isanagwe

Anastasia anali ndi pakati, ndipo aliyense pa kampu ya alonda a nyama ku Malama ankaona ndi maso. Koma ukamufunsa miyezi, ankangoti, "Faifi chabe." Mwezi watha faifi, mwezi uno faifi. Azakhali ake adamulangiza kuti munthu akadziwa mwezi wako akhoza kukumanga mimba, mwana osatuluka. Ngakhale mwamuna wake Jairos sankadziwa.

Nkhaniyi inkamusowetsa mtendere Gladys, wa nyumba yoyandikana nayo. Masiku amenewo dera la nyamali linali lisanatchedwe paki, ndipo msewu wa ku chipatala cha mishoni unkadutsika m'chilimwe mokha. Mvula ikangogwa mitsinje inkadzaza, dothi n'kusanduka phala. Landirova ya boma yobweretsa ufa inali kudzabwera Loweruka komaliza. Ikapita, basi, mpaka nyengo yokolola.

Lachisanu linali tsiku lokumbukira kubadwa kwa Ennie, mwana wa Gladys. Anthu ankamuseka mayiyu kuti watengera azungu a ku kampu ya alendo ku Nkwali, ati kodi mwana amabadwa kangati? Iye ankangokazinga zitumbuwa zake ndi kufulula thobwa, ndipo osekawo ndi amene ankayamba kufika ndi makapu m'manja.

Ana ataimba, Ennie atavina mpaka fumbi kobo, Gladys anakokera Anastasia kuseri kwa nkhokwe.

"Mng'ono wanga, ukudziwa chifukwa chake sindiiwala tsiku ili?"

"Ndi chikondi cha mwana, amake Ennie."

"Ndi chikondi, inde. Koma Ennie sanabwere yekha. Anali awiri."

Anastasia anaika kapu pansi. Gladys anali asanauzepo munthu aliyense pa kampupo, ndipo mawu ankatuluka movuta.

"Nanenso ndinabisa mwezi, tili ku kampu ina. Galimoto inabwera, ine ndinangoima kuipenya ikupita. Matenda atayamba, mvula inali itagwa kale, poti chaka chimenecho inafulumira. Ennie anabadwira m'nyumba bwinobwino, koma mnzake anapingasa. Azimayi anayesa, zinakanika. Amuna anandinyamula pa machira. Pa mtsinje madzi m'khosi, kutsidya njovu zatseka njira. Tinakhala pansi pa mtengo wa tsanya kudikira kuti zisunthe, dzuwa likuswa mtengo. Pofika ku chipatala, ine anandipulumutsa. Mwana wamwamuna uja ayi."

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Chisoni chinamugwira ngati zachitika dzulo.

"Palibe adandimanga mimba ine. Ndinadzimanga ndekha ndi pakamwa panga. Manje iwe, ndiuze zoona. Miyezi ingati?"

Anastasia anayang'ana uku ndi uku, n'kunong'ona, "Naini wayamba. Koma anthu akamva?"

"Amve. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Ku mishoni kuli nyumba yodikirira azimayi, umaphika wekha, anamwino ali pafupi. Mawa ukwera."

Jairos atauzidwa madzulo ake, anayamba wakwiya kuti amubisira, kenako anadandaula za munda. "Nanga mapira adzabzala ndani, ine ndili ku patirolo?"

"Manja ndili nawo, alamu," anatero Gladys. "Mapira akalephera mudzabzala chaka chamawa. Mkazi mudzamubzala kuti?"

Bamboyo anakanda kumutu, nalowa m'nyumba kukamanga mphasa ndi mapoto.

Loweruka Anastasia anakwera kutsogolo, pafupi ndi dalaivala. Sabata isanathe mvula inatsika yamphamvu, msewu n'kutsekeka. Gladys anabzala minda iwiri, msana ukudandaula, mtima uli ku mishoni.

Uthenga unabwera ndi mlonda wina amene anawoloka mitsinje wapansi. Mwana wa Anastasia nayenso anali atapingasa. Namwino adazindikira msanga pomupima, ndipo dokotala adachita opaleshoni nthawi ikadalipo. Mayi ndi mwana wamwamuna, Silas, onse anali moyo.

Gladys sanalulutire. Anakhala pa mtondo n'kulira, pang'ono kulirira wake uja, kwambiri chifukwa cha chimwemwe.

Msewu utauma, Anastasia anabwera ndi khanda kumsana. Azimayi atasonkhana kudzaona mwana, iye mwini ndiye anayankhula.

"Anzanga, mwezi wa mimba si chinsinsi. Uzani amuna anu, uzani anamwino, ndipo pitani kukadikirira ku chipatala msewu usanatsekeke. Ndikanakhala kuno, bwenzi lero mukundipepesa maliro."

Kenako anamasula mwanayo n'kumuika m'manja mwa Gladys. "Amake Ennie, munyamuleni. Uyu ndi wanunso."